Ndondomeko yosinthira malo kuti pamangidwe nyumba pamene oyandikana nawo ali ndi nkhawa

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe munali anthu 989,318 pamene mu Blantyre munali anthu 800,264, ndipo aliyense amene wayendako m'mphepete mwa mizinda iwiriyi akudziwa kuti minda yambiri imene inkatulutsa chimanga dzana lomweli lero ndi mapuloti. Anthu akusowa pokhala, kotero palibe cholakwika kuti mwini malo, banja, mpingo kapena gulu la ogwira ntchito limene lasonkherana ndalama likonze zogawa malo ake kuti pamangidwe nyumba. Mkangano umabuka pamene malowo sanalembedwe ngati a nyumba zogonamo pa mapu a khonsolo, ndiponso pamene anthu okhala pafupi angodzuka m'mawa n'kupeza thirakitala ikulambula msewu popanda wina wowauzako kanthu. Malangizo ano akupita kwa munthu wofuna kusintha kagwiritsidwe ntchito ka malo m'Malawi muno, koma akukhudzanso oyandikana nawo. Ine ndimakhulupirira kuti madandaulo awo ndi chidziwitso chimene womanga ayenera kuchifunafuna mapulani asanajambulidwe, chifukwa akachinyoza adzachilipira madzi akadzalowa m'nyumba za anthu.

Yambani ndi zikalata za malo

Musanalankhule ndi katswiri aliyense, pitani ku ofesi ya unduna wa za malo imene imasunga kaundula wa dera lanu, ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, mukapemphe kuti akufufuzireni mwalamulo za malowo. Chikalata chimene adzakupatseni chidzaonetsa dzina la mwini wake, ngati malowo anaperekedwa chikole ku banki, komanso ngati pali wina amene anaikapo chiletso. Kenako werengani lizi yanu, chikalata cha pangano lobwereka malowo, mzere ndi mzere. Lizi imanena zaka zake, lendi ya pachaka imene mumalipira kwa mwini nthaka, ndiponso ntchito imene malowo anaperekedwera, kaya ulimi, kaya malonda, kaya nyumba imodzi yokha. Mawu amenewa ndi pangano, ndipo chilolezo cha khonsolo pachokha sichiwafufuta. Mudzafunikanso chivomerezo cha amene anakupatsani liziyo, kaya ndi boma, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation. Ngati muli ndi ngongole ya lendi, ilipireni tsopano, pakuti pempho lanu likhoza kuima pa chifukwa chimenechi chokha.

Malo ambiri a m'mphepete mwa mizinda ndi a makolo, ndipo amagulidwa kudzera mwa madobadoba ndi kalata yolembedwa pamanja yokhala ndi chidindo cha mfumu. Kalata yotere siikwanira pa ntchito yogawa mapuloti. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa njira yolembetsera malo a makolo kudzera m'makomiti a za malo, ndipo muyenera kutsimikiza kuti onse a mbumba amene ali ndi gawo pa mundawo anavomera, chifukwa kawirikawiri mlongo kapena mphwake amene sanafunsidwe ndiye amadzatulukira ndi chiletso cha kukhoti maziko atakumbidwa kale. Itanani saveya wovomerezeka adzaonetse mabikoni onse, zizindikiro za malire a malowo, ndipo eni malo oyandikana akhalepo tsiku limenelo.

Funsani mapu a khonsolo

Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988, linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, kutanthauza kuti ngakhale malo a kunja kwa malire a mzinda amafuna chilolezo cha khonsolo ya boma lakelo. Pitani ku nthambi ya mapulani ya khonsolo mutatenga nambala ya puloti ndi mapu a saveya, mukafunse kuti malowo anaikidwa m'gawo liti. Ku Lilongwe, mwachitsanzo, kuli pulani yaikulu imene inakonzedwa ndi thandizo la bungwe la ku Japan la JICA m'chaka cha 2010, yoyang'ana kakulidwe ka mzindawu mpaka 2030, ndipo pansi pake pali mapulani a madera amene amanena pamene pali nyumba, mafakitale, misika, sukulu ndi malo opumirako.

Pa ulendo womwewo mvetsetsani kuti zilolezo ndi zitatu, ndipo chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake. Pali chilolezo chosintha ntchito ya malo, chimene m'maofesi amachitcha change of use. Pali chilolezo chogawa malo kukhala mapuloti. Ndiye pali chilolezo chomanga, chimene chimaperekedwa pa mapulani a nyumba iliyonse. Anthu ambiri amanyamula chimodzi n'kumaganiza kuti atha zonse.

Pali malo ena amene ndingakulangizeni kuti musayese n'komwe kuwapemphera, ngakhale wina atakulonjezani kuti adzakuyendetserani nkhaniyo. Amenewa ndi dambo, gombe la mtsinje, mtsetse wa phiri, malo osungidwira msewu, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, manda, komanso bwalo limene mapu analisiyira sukulu, chipatala kapena masewero a ana. Zimene zinachitika m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe, zikhale m'maganizo a aliyense wofuna kudula mapuloti pamalo otsetsereka. Ku Lilongwe nakonso anthu a ku Mtandire akudziwa zimene mtsinje wa Lingadzi umachita ukadzaza. Chidindo cha ofesi sichisintha kumene madzi amadzera.

Pitani kwa oyandikana nawo mapulani asanajambulidwe

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo ndikhalapo nthawi yaitali. Chizolowezi chake n'chakuti womanga amalipira katswiri, mapulani amatha, pempho limalowa ku khonsolo, ndipo anthu a m'dera amaitanidwa pomaliza kuti adzangouzidwa. Msonkhano wotere umatha ndi mkwiyo, chifukwa anthu amaona okha kuti palibe chimene mawu awo angasinthe, ndipo womanga naye safuna kusuntha mzere uliwonse popeza kujambulanso ndi ndalama zina. Mukapita msanga, pamene muli ndi mapu a malire okha ndi maganizo osakhwima, mawu a anthu amalowa m'mapulani popanda kukuonongerani kanthu.

Yambirani kwa khansala wa wodi yanu ndi kwa mabuloko lida, ndipo ngati derali lili ndi mfumu, kafikeni kwa mfumu mwaulemu wake musanaitane anthu. Apempheni kuti msonkhano uchitikire pamalo pomwepo kapena pa sukulu yapafupi, Loweruka masana kapena nthawi ina imene ogwira ntchito ndi amayi ochita geni angathe kubwera. Itanani eni nyumba ndi alendi omwe, amene amakhala m'nyumba za lendi, pakuti mlendi ndiye amatunga madzi pa mpope umene ukufooka, ndiye amayenda mumsewu umene malole anu adzakumbe. Lankhulani m'Chichewa, kapena m'chinenero chimene derali limalankhula, ndipo nenani manambala enieni: mapuloti angati, kukula kwake, nyumba zapansi kapena zosanjikizana, polowera galimoto ndi pati, ntchito idzatenga nthawi yaitali bwanji. Musagawe ndalama pa msonkhanowu. Chivomerezo chimene chabwera ndi envelopu chimasungunuka mvula yoyamba ikagwa, ndipo chimaika mfumu ndi khansala pa manyazi pamaso pa anthu awo.

Sankhani mlembi mmodzi wa mbali yanu ndi wina wa mbali ya anthu, alembe dandaulo lililonse ndi dzina la msewu kapena mzere wa nyumba umene ukukhudzidwa, ndipo pomaliza zolembedwazo ziwerengedwe mokweza anthu asanasaine. Zimene mudzamve sizidzakhala zachilendo kwenikweni. Anthu a kumunsi adzafunsa za madzi a mvula, chifukwa munda umene unkamwa madzi ukadzaza malata, mipanda ya njerwa ndi simenti, madzi onsewo amathamangira kwa iwo. Ena adzanena kuti mipope yawo imatulutsa madzi usiku wokha ndipo nyumba makumi asanu zikawonjezereka sadzawaonanso. Ena adzafunsa za thiransifoma imene ikulemedwa kale, za zimbudzi zimene zingaipitse zitsime zawo, za kanjira kamene ana amadzera popita kusukulu ndi kamene maliro amadzera popita kumanda, za fumbi ndi phokoso, za mazenera a nyumba yosanja amene adzayang'ana m'mabafa a kuseri kwa nyumba zawo. Funso la manda ndi njira ya kumanda musaliyankhe mothamanga. Lisiyireni mfumu ndi eni mbumba, ndipo mapulani azungulire malowo.

Ndikulangizaninso chinthu chimodzi chimene sichili m'lamulo lililonse. Ngati n'kotheka, yendani pamalowo m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale mvula yamphamvu itangokata, muli ndi katswiri wanu ndi anthu awiri kapena atatu amene akhala m'derali zaka zambiri. Iwo adzakulozerani pamene madzi amaima, pamene panali khwawa limene linakwiriridwa, ndi nyumba imene madzi amayamba kulowamo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pa nkhani ya mapuloti mwambi umenewu ndi woona monga momwe ukumvekeramo. Amene amagula malo m'chilimwe, nthaka ili gwa, n'kujambula mapulani ali mu ofesi, amaika puloti pakati pa njira ya madzi osadziwa.

Lembani akatswiri ndipo sonkhanitsani makalata

Mapulani ogawira malo ajambulidwe ndi katswiri wa mapulani a mizinda wolembetsedwa mwalamulo, mothandizana ndi injiniya pa za misewu ndi ngalande. Mupatseni zolembedwa za pa msonkhano uja, ndipo mumuuze kuti pa dandaulo lililonse aonetse yankho lake pa pepala. Mapulani abwino amaonetsa kukula kwa misewu kotero kuti ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto zithe kulowa ndi kutembenuka, amaonetsa ngalande ndi makalavati mpaka pamene madzi akukathera kunja kwa malo anu, amasiya malo opumirako ndi otayako zinyalala, ndipo ngati mapuloti ndi ambiri amasiyanso malo a sukulu ya mkaka kapena kamsika. Mtima umafuna kufinya mapuloti ambiri pa hekitala imodzi, koma puloti imodzi imene mwaisiya kuti madzi adutsepo kapena kuti kanjira kakale kasatsekeke ndi yotchipa poyerekeza ndi mlandu wa kukhoti.

Lamulo la Environment Management Act la 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limene anthu amangoti MEPA. Lemberani bungweli kufotokoza mwachidule ntchito yanu, malo ake ndi kukula kwake, ndipo ilo ndi limene lidzanene ngati mukufunika kafukufuku wathunthu wa momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, kapena ndondomeko yaifupi chabe. Musadziweruze nokha kuti ntchito yanu ndi yaing'ono.

Pemphaninso makalata kwa opereka madzi ndi magetsi, kaya ndi Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board kapena bungwe la madzi la chigawo chanu, komanso ESCOM, onena ngati angathe kufikitsa madzi ndi magetsi pamalopo ndi zimene inu muyenera kulipira, monga paipi yaikulu kapena thiransifoma yatsopano. Ngati polowera pakuchokera mumsewu waukulu wa boma, a Roads Authority ayenera kuvomereza. Za mjigo funsani kaye, pakuti kukumba kumafuna chilolezo pansi pa lamulo la Water Resources Act la 2013, ndipo m'madera amene muli mipope ya bungwe la madzi muli malamulo enanso. Nkhani ya zimbudzi musaichepetse: madera ambiri a m'mizinda yathu alibe mapaipi a suweji, ndipo kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700, anaonetsa zimene zimachitika chimbudzi chikayandikana ndi chitsime. Mapulani aonetse mtundu wa thanki ya zonyansa, kutalikirana kwake ndi zitsime za anthu, ndi polowera galimoto yopopa.

Perekani pempho ndipo litsatireni

Tengani mafomu ku khonsolo, mudzaze, ndipo muphatikize zikalata za umwini, mapu a saveya, mapulani, makalata a mabungwe aja, yankho la MEPA, zolembedwa za pa msonkhano, ndi kalata yanu yofotokoza chifukwa chimene malowo akuyenera kusinthidwa. M'kalatayi nenani zoona za derali monga lilili lero, mwachitsanzo kuti mbali zonse zazunguliridwa kale ndi nyumba, kapena kuti msewu ndi madzi zinafika, m'malo mongonena kuti mwaikapo ndalama zambiri. Lipirani pa kauntala kapena ku banki monga khonsolo yanenera, landirani risiti, lembani nambala ya fayilo yanu, ndipo sungani kope ya pepala lililonse lokhala ndi chidindo cha tsiku limene analandira. Pempho limaunikidwa ndi akatswiri a nthambi zosiyanasiyana lisanafike ku komiti ya mapulani, imene imakumana pa masiku ake oikika, kotero funsani tsiku la msonkhano wotsatira ndi tsiku lotsekera kulandira mapempho. Khonsolo ikakuuzani kuti mulengeze pempholi mu nyuzipepala kapena pa chikwangwani, chitani mwamsanga. Ngakhale isanakuuzeni, ikani chikwangwani pamalopo chonena zimene mwapempha ndi kumene anthu angakaone mapulani.

Kudikira kumawawa, makamaka ngati ndalama ndi zangongole, koma musakumbe msewu, musadule mitengo ndipo musagulitse puloti ngakhale imodzi yankho lisanatuluke. Khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito ndi yogumula zomangidwa popanda chilolezo. Wina akakuuzani kuti pafunika kangachepe kuti fayilo iyende, kanani, ndipo dziwani kuti a Anti-Corruption Bureau alipo chifukwa cha nkhani zotere. Chilolezo chogula ndi chiphuphu chikhoza kuthetsedwa, ndipo amene amadzalira kwambiri ndi mphunzitsi kapena namwino amene anagula puloti kwa inu ndi ndalama zake za penshoni.

Ngati inu ndinu woyandikana nawo

Kukuwa pa msonkhano ndi kulemba m'gulu la WhatsApp la m'dera sizifika pa tebulo la komiti. Lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo, mutchule nambala ya puloti, ndipo mutumize kope kwa khansala ndi ku ofesi ya mkulu wa boma woona za mapulani a malo, Commissioner for Physical Planning. M'kalatamo ikani zifukwa zimene komiti ingaweruzirepo: kuti mapu anasiya malowo ngati bwalo, kuti ngalande ya mumsewu wakutiwakuti imasefukira kale ndipo nazi zithunzi zake ndi masiku ake, kuti polowera pali pa kona pamene ana amawolokera. Zifukwa zonga zakuti simukufuna alendi kapena anthu osauka pafupi nanu zilibe mphamvu, ndipo kunena zoona sizoyeneranso, pakuti nawonso ndi anthu ofuna pogona monga inu munkafunira. Nenaninso zimene mungavomere, monga mapuloti ochepa, ngalande yomangidwa kaye, kapena kanjira kosiyidwa, chifukwa komiti imapeza poyambira pa kalata yotere kusiyana ndi yongokana. Mukasainirana ambiri, aliyense alembe dzina ndi nambala ya nyumba yake.

Akakubisirani mapulani, lamulo la Access to Information Act, limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2020, limakupatsani ufulu wopempha zikalata ku ofesi za boma, ndipo gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu amene ufulu wake wakhudzidwa ndi chigamulo cha ofesi ya boma ayenera kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo aulere pamene ofesi ya boma yachita zinthu mosalongosoka.

Yankho likatuluka

Komiti ikhoza kuvomera, kukana, kapena kuvomera poika zoyenera kutsata. Yankho lachitatuli liwerengeni mofatsa kwambiri, chifukwa zoikidwazo, monga kumanga ngalande musanagulitse, kupereka malo a msewu, kapena kusapitirira nsanjika ziwiri, ndi gawo la chilolezo, ndipo mukaziphwanya muli ngati munthu wopanda chilolezo. Onaninso nthawi imene chilolezocho chimathera ngati ntchito sinayambe. Mukakanidwa, pemphani zifukwa zolembedwa, ndipo muone ngati n'zotheka kukonza mapulani n'kuperekanso, imene nthawi zambiri ndiyo njira yachidule. Ngati mukuona kuti mwalakwiridwa, lamulo lija la Physical Planning Act la 2016 linakhazikitsa bungwe la Physical Planning Council limene limamva maapilo, ndipo bwalo lalikulu la milandu likhoza kuunikanso chigamulo cha ofesi ya boma. Masiku ochitira zimenezi ndi owerengeka, kotero kaonaneni ndi loya sabata yomweyo imene mwalandira kalata.

Mukavomerezedwa, bwererani kwa amene anakupatsani lizi kuti mawu a ntchito ya malo asinthidwe, ndipo yembekezerani kuti lendi ya pachaka ikhoza kukwera. Saveya akhome mabikoni a puloti iliyonse molingana ndi mapulani ovomerezeka, mapu ake apite ku ofesi ya mkulu wa masaveya a boma, Surveyor General, ndipo pokhapo mpamene puloti iliyonse ingapeze nambala ndi chikalata chakechake. Itananinso anthu aja pamalo pomwe munakumana poyamba, muwaonetse mapulani okhala ndi chidindo, muwerenge zoikidwa ndi komiti, ndipo mugwirizane molemba za maola ogwirira ntchito, msewu umene malole a mchenga ndi njerwa azidzera, kuthira madzi pa fumbi, ndi munthu mmodzi amene aziyankha foni pakabuka vuto. Ntchito iyambe ndi ngalande ndi makalavati, kuyambira kumunsi kukwera kumtunda, m'miyezi ya chilimwe kuyambira Meyi, kuti mvula ya Novembala ikamadzafika ipeze njira yake itatseguka kale.